Chifukwa Chake Ndinawakana a Tcheya pa Unkhoswe Wako

Sesiliya mwana wanga,

Magetsi azima kuno ku Makata kuyambira m'mawa, ndiye geti la eni ake lomwe ndimati ndiwotcherere lero langogona pansi, ine ndakhala pa chigubu ndi kope la amayi ako la kwaya. Ndang'ambamo masamba a pakati, usakawauze. Zilembo ukuziona wekha, zikuyenda ngati nkhuku yodya masese. Pepa, bambo ako anatsanzikana ndi sukulu ali sitandade seveni, ndipo sukuluyo sinalire maliro. Werenga pang'onopang'ono, ndipo werenga wekha kaye. Ukamaliza ukhoza kumupatsa Ganizani, iye nkhaniyi akuidziwa kale theka.

Choyamba ndinene kuti ukwati unali uja, mwana wanga. Mpaka lero ku Ndirande anthu akundiimitsa panjira. Osewera anzake a Ganizani atavala masuti, akuyenda ngati awamangirira mapulanga kumsana. Kochi akulira kuposa amayi ako. Ine buluku kung'ambika pa nyimbo yachitatu, n'kumavinabe cham'mbali ngati nkhanu kuti asisitere asaone. Koma iwe polowa m'tchalitchi muja ndinaiwala kuti ndine munthu woseka, ndinangoyang'ana kudenga ngati ndikuwerenga malata. Mwana amene ndinkamunyamula pakhosi popita ku stediyamu, lero ndi mkazi wa mwini, mawa akukwera basi ya ku Beira chifukwa amuna ake agulidwa ndi timu ya ku Mozambiki. Ine Dominiko, woimba ng'oma kuseri kwa golo, mkamwini wanga ndi nambala naini. Munthu akanandiuza kale ndikanamutengera ku chipatala kukayezetsa malungo.

Koma ndinaona, Sesi. Unavina ndi amalume ako a Fabiano, unavina ndi azakhali ako a ku Bangwe, unavina ngakhale ndi dalaivala wa basi ya timu. Pofika pa ine unangondipatsa nsonga za zala ngati ukulandira lisiti. Miyezi itatu tsopano ukundilankhula mwaulemu wonse ngati ndine mlendo wa ku parishi, ndipo ulemu umenewo ukundibaya kuposa kutukwana. Chifukwa chake ndikuchidziwa. Tsiku lija akuchimuna anabwera kudzakambirana za chinkhoswe, a Zuze, tcheya wa masapota a timu yathu, atakhala pa mpando ngati nkhoswe ya Ganizani popeza makolo ake anatisiya, ine ndinaimirira n'kuwakana pamaso pa anthu. Bambo wa mwana sayankhula pa zoterezi, ndikudziwa, amakhala kuseri n'kumamvera kwa ankhoswe. Ine ndinayankhula. Chinkhoswe chinachedwa mwezi wathunthu, anzako anakuseka, iwe unalira n'kundifunsa ngati ndikumuyesa Ganizani chilombo. Ndinakuyankha ndi nthabwala ina yopusa, chifukwa pakamwa panga pakachita mantha pamatuluka nthabwala. Sindikufuna uwoloke Mwanza usanamve yankho lenileni. Koma undilole ndiyambire kutali, bambo ako nkhani saifikira pa geti la kutsogolo.

Cholakwa changa choyamba umachidziwa, amayi ako amachinena chaka chilichonse ikafika nthawi ya mayeso. Sabata ya mayeso timu yathu inali ndi gemu ku Lilongwe. Ndinakwera lole ya masapota ndili mu yunifolomu, n'kubwerako Lachiwiri. Ahedi atandifunsa pamaso pa kalasi kuti ndapezako chiyani kumeneko, ndinawauza kuti tapezako zigoli ziwiri kwa duu. Kalasi yonse inagwa ndi phwete, ine ndinatuluka ngati ndagoletsa ndine, ndipo sindinabwererenso. Onse amene anaseka tsiku lija lero ali ndi mapepala awo, ine ndili ndi zipsera za moto m'manja. Ndiye makina ako osokera aja usawasiye kuno kuti akulemera. Akwere basi. Kondakitala akadandaula, umuuze kuti ndi agogo ako, sayenda okha. Ukafika kumeneko soka, udziwike ndi dzina lako, osangokhala mkazi wa nambala naini. Chisena chija unkachithawa agogo ako akamakulankhula, ku msika wa ku Beira chikakugulitsira madiresi. Chipwitikizi ndiye ndilibe nacho malangizo, ine ngakhale Chingerezi ndimachigwira kumchira.

Cholakwa chachiwiri ndi choti ndinkayesa kuti anthu akamaseka ndiye kuti zinthu zili bwino. Mpira ine sindinkautha, miyendo yanga ndi yopitira ku msika basi. Koma pakamwa ndinali napo. Ndinayamba kupeka nyimbo kuseri kwa golo, zonyoza goloboyi wa timu ina, nsapato zake, mutu wake, mmene amathamangira. Wina tinamuimbira mpaka anapempha yekha kuti amutulutse. A Zuze anandiona, anandipatsa ng'oma ya gulu, ndipo kuyambira pamenepo ine ndikayambitsa nyimbo mbali yonse imalandira. Sesi, usamve za anthu, zimenezo n'zokoma. Munthu wopanda setifiketi, anthu odzaza stediyamu akubwereza mawu ako. Amayi ako omwe ndinawapeza ndi pakamwa pomwepa, pa mzere wa pampopi, ndinawaseketsa mpaka ndowa inasefukira. Ndiye ndinakula ndikudziwa kuti palibe chitseko chimene nthabwala singatsegule. Ndi zoona, ndipo vuto lake ndi lomwelo.

Tsopano mvera chachitatu, ndicho chandikhalitsa pa chigubu pano. Inali nthawi imene mafoni a m'manja anali ongofika kumene, iwe uli sitandade wani. Tinali ndi wosewera wina wa kumbali amene tinkamutcha Kamvuluvulu. Dzina lake lenileni ndilisiya, ali ndi ana. Anabwera mu Blantyre kuchokera kutali, wopanda m'bale, atanyamula jumbo. Mwambo wathu masapota unali woti wosewera wotero timamutenga ngati mwana wathu. Tinamupezera nyumba ku Zingwangwa, wina anapereka matiresi, wina mbaula. Atapeza mtsikana wa ku Chilomoni dzina lake Estere, ukwati tinayendetsa ndife, ndipo nkhoswe yake inali a Zuze, paja utcheya wawo ndi wakale kuposa mapolo a pa stediyamu. Tinkaona ngati tachita chinthu chabwino kwambiri, ndipo mbali ina chinalidi chabwino. Palibe anaganiza kuti nkhoswe imene imagona ikulota zigoli za mkamwini, tsiku la mlandu idzakhala mbali iti.

Tinafika mu fainolo ya chikho chaka chimenecho, gemu Loweruka. Lachitatu Kamvuluvulu anamumenya Estere. Mtsikana uja anachita zonse mwa dongosolo: anapita ku polisi, anamupatsa kalata ya ku chipatala, anamusoka mlomo, anabwerera ku polisi, ndipo pofika masana mwamuna anali m'chitokosi. Nkhani inayenda m'maminibasi kuposa moto wa pa Ndirande. Ukudziwa funso limene tonse tinkafunsana? Palibe anafunsa kuti Estere ali bwanji. Tinkafunsana kuti nanga Loweruka kumbali kusewera ndani.

Akuluakulu a timu anati imeneyo ndi nkhani ya m'banja, iwo salowerera za kuchipinda. A ligi anati palibe dandaulo lomwe lafika pa tebulo lawo. Ligi yomweyo, Sesi, inali itangoletsa kumene wotchinga kumbuyo wathu magemu angapo chifukwa choloza refu ndi chala pachifuwa, ndipo inatilanga timu yonse chifukwa cholowa pa bwalo podumpha mpanda, tikuopa kuti pa geti atithirira mankhwala. Chifuwa cha refu chinali ndi malamulo ake, mpanda unali ndi malamulo ake, nkhope ya mkazi inalibe. Pa wailesi anthu oimba foni ankati mkaziyo watumidwa ndi timu imene tikukumana nayo, bwanji osadikira Lolemba. Ine ndinkavomera ndi mutu.

Lachinayi masana a Zuze anatisonkhanitsa. Anati ife sitikupita ngati masapota, tikupita ngati ankhoswe, kukakonza banja la mwana wathu. Tinadzaza minibasi, amuna khumi ndi awiri, titanyamula shuga ndi buledi, ulendo wa ku Chilomoni kumene Estere anathawira kwa achemwali ake. Nkhoswe ya kuchikazi inali ku Thyolo, a Zuze anati nthawi yoiitana palibe. Tili m'njira anandigwira bondo n'kunena kuti, "Dominiko, iwe ntchito yako ndi imodzi. Akangoseka, mlandu watha." Ine ndinamva kukoma kuti andidalira.

Nyumba inali yaing'ono. Tinadzaza mipando, ena anakhala pansi, awiri anaima pakhomo chifukwa malo anatha. Estere anakhala pa mphasa, diso lotupa, chitenje atatseka nacho pakamwa. A Zuze analankhula nthawi yaitali. Anati banja ndi kupirira, anati mwamuna walapa ndipo akulira m'chitokosi, anati mzinda wonse ukuyang'ana kwa iye, kodi akufuna ana a sukulu adzamuloze kuti ndi amene anatiluzitsa chikho. Analonjeza kuti ikangotha fainolo, iwo monga nkhoswe amukhazika pansi mnyamatayo. Kenako a Zuze anandigunda ndi chigongono.

Ndinaimirira, mwana wanga, ndipo ndinagwira ntchito. Ndinayerekeza Kamvuluvulu akupanga mawomu apu otenthetsa thupi mozungulira ndowa ya m'chitokosi. Ndinayerekeza akukweza dzanja kwa apolisi kupempha kuti amusinthe watopa. Ndinayerekeza wapolisi amene akumutsekera uku akumufunsa kuti Loweruka tiwina zingati. Achemwali ake ndi amene anayamba kuseka. Kenako Estere naye anaseka, atagwira pakamwa chifukwa ulusi unkakoka. A Zuze anawomba m'manja kuti zatha, mtima wa mayi watsika. Tinamukweza minibasi yomweyo mpaka ku polisi, anasaina kuti mlandu wauchotsa, ife tikudikira panja.

Loweruka tinamunyamula Kamvuluvulu pamapewa kuchokera pa basi mpaka pa geti. Anagoletsa, chikho tinatenga. Ndipo ine ndinali nditapeka nyimbo yatsopano, yonena za amene ankafuna kumutsekera kuti achita manyazi. Mawu ake sindilemba, ndinalumbira kuti sadzatulukanso mwa ine. Stediyamu yonse inaimba, ndipo inamveka pa wailesi mpaka ku Chilomoni. Nditafika kunyumba mawu atasasa, ndinawafotokozera amayi ako zonse monyadira, mpaka kuwayerekezera za ndowa zija. Sanakalipe. Anangondiyang'ana, n'kupitiriza kukusita yunifolomu yako. Mwezi wathunthu sanaseke nthabwala yanga ngakhale imodzi. Ine ndinkati mayiyu sakonda mpira basi.

Kumbukira ichi, Sesi, ngakhale uiwale zina zonse: sapota amakonda mwendo. Munthu mwini mwendowo samudziwa, ndipo mkazi wa munthuyo ndiye samuona n'komwe. Ndikupatse umboni. Masapota a timu ina ija anayamba kumuimba Kamvuluvulu kuti ndi womenya mkazi, gemu iliyonse. Ungaganize kuti iwo ndiye anali ndi chisoni. Chaka chotsatira timu yawo inamugula. Tsiku lomwelo nyimbo ija inawathera pakamwa, ndipo tinaitola ndife, ine ndikuimbira ng'oma. Nyimbo inangosintha mbali ngati matimu pa hafu taimu. Panalibe ndi mmodzi yemwe, uku kapena uko, amene ankaimbira Estere.

A Zuze mnyamata uja sanamukhazike pansi. Itatha fainolo kunali zikondwerero, zitatha zikondwerero ligi inayamba. Atamenyedwanso, Estere anatsata mwambo, anapita kwa nkhoswe. Anamuuza kuti apirire pang'ono, timu ili pamwamba pa ligi, si nthawi yosokoneza mutu wa mnyamata. Ulendo wachitatu khutu lake lakumanzere linasiya kumva, ndipo anatenga mwana wake n'kuchoka osatsanzika nkhoswe iliyonse. Kamvuluvulu naye bondo linadzamuthera. Lero amene tinkamunyamula pamapewa timamudutsa pa siteji ngati sitikumudziwa. Ndiye ndikamati sapota amakonda mwendo, umuuzenso Ganizani. Tsiku limene mwendo wake udzatope, pa anthu onse akumuimbira lero adzatsala ndi iwe, ngati adzakhale atakusunga bwino.

Cholakwa chachinayi ndi chaching'ono koma ndi chimene chinanditsegula m'maso. Unasankhidwa kupita fomu wani, ndinapita ku msika wa Limbe kukakusakira nsapato za sukulu pa kaunjika. Mayi wogulitsa ankatembenuza mutu kuti amve ndi khutu lakumanja. Ndinamuzindikira. Anali atanenepa bwino, benchi yake yodzaza, akuseka ndi anzake. Ndipo ine chitsiru, m'malo mongogula n'kumapita, ndinamwetulira n'kumufunsa ngati akundikumbukira, ndine uja ndinamuseketsa ku Chilomoni. Ndinkayembekezera kuti asekanso.

Anandiyang'ana bwinobwino, popanda mkwiyo, n'kunena kuti, "Ndikukukumbukirani, a Dominiko. Munali amuna khumi ndi awiri m'nyumba mwa achemwali anga, awiri ataima pakhomo. Mukanakhala inu, simukanaseka?"

Kenako anandifunsa saizi ya phazi lako. Anakusankhira nsapato zolimba, zija unavala mpaka fomu fili. Anandiuza kuti naye mwana wake wamkazi ali pa sukulu ndipo amakhoza masamu. Ine woyankhula Ndirande yense, tsiku limenelo ndinafika kunyumba osanena kanthu mu minibasi, mpaka kondakitala wondidziwa anandifunsa ngati kwagwa zovuta. Zaka zonsezo ndinkati ndinatsitsa mtima wa munthu. Osadziwa kuti ndinali mmodzi wa otseka khomo, kungoti ine ndinatseka ndi mano oyera.

Masiku ano zinthu zasinthako, sindinama. Nkhani yotere ikatuluka imafika pa mafoni akuluakulu asanagwirizane chonena. Atsikana ngati iwe amalemba m'magulupu mopanda mantha, ndipo kuseri kwa golo kuli azimayi amene amatha kumukuwiza wosewera wawo yemwe. Timu imatha kumukhazika munthu pa benchi, makamaka kampani yoithandiza ikayamba kutsokomola. Koma uziyang'ana kuti pa benchipo pakhala ndani. Akakhala wosewera woti ngakhale ine ndingamulande mpira, chilango chimabwera msanga, ndi kalata yomwe. Akakhala wogoletsa, umamva kuti tikufufuza, tisaweruze msanga, tidikire a khoti, ndipo kufufuzako kumatha ligi ikatha. M'gulupu lathu lomwe ndawerengamo anyamata obadwa dzulo akulemba mawu omwe aja a pa wailesi, kuti mkaziyo watumidwa. Ndiye usadalire kuti dziko lasintha. Lasintha jezi.

Tsopano bwerera nane pa tsiku la kukambirana lija. Ndikusuzumira pa windo, ndikuona a Zuze atakhala pa mpando wa nkhoswe, jekete lomwe lija, kumwetulira komwe kuja, akunena kuti Ganizani ndi mwana wawo, anamulandira okha mu Blantyre, banja limeneli aliyang'anira ngati diso lawo. Sesi, miyendo inanyamuka yokha. Ndinalowa n'kunena kuti a Tcheya ayi, akuchimuna akapeze wachibale, ngakhale akhale kutali bwanji. Atandifunsa chifukwa, ndinati nkhoswe siyenera kukhala ndi vuvuzela. Anthu ena anaseka, iwe sunaseke. Chifukwa chenicheni ndinachimeza, popeza kuchinena kunali kudzivula ndekha pamaso pa iwe. A Zuze okha anamva. Anandiyang'ana, ndipo ndinadziwa kuti nawo Chilomoni akuikumbukira.

Usawade a Zuze. Si satana. Sapota akamwalira amayamba kufika ndi iwo, wosewera akagonekedwa m'chipatala amapita ndi phala. Kungoti munthu sangakhale woimbira gemu imene timu yake ikusewera. Ngakhale ine sindingathe, ndiye chifukwa chake bambo sakhala nkhoswe. Sabata yomweyo komiti inatuma anthu kudzatenga ng'oma, ndipo m'gulupu anandichotsa. Pano ndimakhala ku mbali ya anthu wamba ndikudya nzimbe ngati mlendo. Amene anamupatsa ng'omayo amaimba ngati akukhoma malata, nyimbo zake ngakhale goloboyi wa timu ina amavina nawo. Zimandipweteka, sindikubisira. Koma ndimagona bwino.

Ndipo mvera za amuna akowo, kuti udziwe kuti sindikuwayesa chilombo. Litatha tsiku la kukambirana lija, m'mawa mwake Ganizani anabwera kuno ku Makata. Ndinaona akubwera ndinati lero ndimenyedwa ndi munthu wa mafitinesi, ndinayamba kuyang'ana kothawira. Anakhala pa chigubu chomwe ndakhalirachi, n'kundifunsa mwaulemu kuti walakwa chiyani. Ndinamuuza za Estere. Nditamaliza anati kuli amalume ake ku Nsanje amene sanawaone chimwalirire amayi ake. Anapempha tchuthi kwa kochi, anakwera basi yekha kukawasaka. Ndinamupempha kuti asakuuze, ndidzakuuza ndekha. Iye mawu ake anasunga. Amene anachita mantha miyezi itatu ndine.

Ndiye anatibweretsera amalume akewo, a Tomasi. Mwana wanga, ine a Tomasi ndimawakonda kuposa chikho. Munthu wolima thonje, mpira sanauonerepo chibadwire. Atauzidwa kuti mphwawo ndi nambala naini, anamulimbikitsa kuti alimbikire, chaka chamawa akhoza kufika pa nambala fili. Pa ukwati anandikokera pambali n'kundifunsa kuti mnyamatayu ntchito yeniyeni ayamba liti, popeza tsopano wakwatira. Kochi atabwera kudzawapatsa moni, anamufunsa ngati ndi m'busa. Ameneyo ndiye nkhoswe, Sesi. Ganizani ataphonya gemu Loweruka, a Tomasi sataya kanthu. Pa chinkhoswe unawamva wekha akumuuza kuti kwawo dzanja la mwamuna ndi la khasu, akadzamva zina abwera ndi basi yoyamba. Iwo mbali iyo, amalume ako a Fabiano mbali ino, amene amakonda kwaya basi. Banja lako lili m'manja mwa anthu awiri osadziwa ofusaidi, ndipo ine mtima uli m'malo.

Ganizani ndamuonera zaka zinayi. Amamutchera mwendo, amadzuka n'kumupatsa dzanja womugwetsayo. Kunyumba kwathu ndinamupeza akutsuka mbale amayi ako akumuletsa. Ndikukhulupirira kuti kalatayi mudzaiwerenga muli ndi imvi n'kumaseka kuti mdala uja ankaopa chiyani. Koma Kamvuluvulu naye ankagwada popereka moni. Ine mitima sindiwerenga, ngakhale nyuzi ndimavutika nayo. Chimene ndikanatha ndi kukonza kuti pa mipando pakhale anthu oyenera, ndipo ndicho ndinachita, kungoti ndinachita mwaphokoso ngati mwini wake.

Ku Beira ukapezako a Zuze akumeneko, olankhula Chipwitikizi. Adzakulandirani bwino, nyumba adzakupezerani, adzakutcha mlamu. Landira, seka nawo, uwaphikire tiyi. Pita ku magemu, ukuwe mpaka mawu asase, paja ndiwe mwana wanga, magazi sanama. Amuna ako akaluza usawafunse za penate asanadye. Koma kuluza si chilolezo, kumva? Munthu akhoza kubwera wokhumudwa, akhale chete, agone. Dzanja ayi. Kukulanda foni ayi, kukutsekera m'nyumba ayi, kukuletsa kusoka ayi. Ndipo zikadzachitika, Mulungu aletse, nkhani yako usakayambire nayo ku timu kapena kwa masapota, ngakhale akhale okoma mtima chotani. Pita ku chipatala, pita ku polisi, imbira a Fabiano ndi a Tomasi. Anthu akadzabwera gulu kuti akonze banja lako, uwauze kuti ankhoswe ako ndi awiri ndipo palibe mmodzi wa iwo m'chipindamo. Asadzakuuze kuti dikira gemu ithe. Gemu simatha, mwana wanga, ikatha ina imayamba. Ndipo pakati pawo pakadzakhala wina woseketsa kwambiri, ameneyo ndiye umuope.

Chomaliza. Ndikudziwa kuti umaona mmene ndimamukondera Ganizani, mmene ndimadumphira akagoletsa, chithunzi chake chili pa khoma pafupi ndi cha Mtima Woyera. Ndimaopa kuti tsiku lina ungadzakhale ndi chonena n'kuganiza kuti adadi sangamve, adadi ndi sapota. N'chifukwa chake ndadzivula m'kalata muno. Unali ndi ufulu wodziwa kuti bambo ako anachitapo chiyani kwa mwana wa eni ake, kuti udziwenso chimene sadzachita kwa wake.

Mawa ndibwera ku Wenela kudzakweza makina aja. Ngati udzakhale ukadali wokwiya, kwiya, kwera basi uli chikwiyire, ine ndidzabayibitsa ndi manja onse awiri mpaka anthu andiyese wamisala. Pita ukasangalale, Sesi. Ukadye nsomba za m'nyanja ya mchere, ukasoke, ukakondane ndi amuna ako, mudzandibweretsere adzukulu olankhula zinenero zinayi oti ndizidzawanamiza kuti ndinali wosewera. Uziimba foni Lamlungu lililonse, ndizikuuza za ku Ndirande mpaka mayunitsi akuthere ukuseka.

Koma tsiku limene udzaimbe mawu ako ali ena, sindidzafunsa kuti timu ili pa nambala chani. Sindidzafunsa kuti gemu ili liti. Ndipo sindidzakuseketsa. Ndidzamvera mpaka umalize, kenako ndidzakwera basi.

Ndine bambo ako,
Dominiko